Kodi shuga akatsika, mafuta a m'magazi adzatsikanso okha?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 52, ndipo anandipeza ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri zaka 6 zapitazo. Ndimamwa metformin. Mwezi wathawu anandiyeza magazi ndipo zotsatira zinali izi: HbA1c 9.4 peresenti, kolesterolo yense 5.8, LDL 3.2, HDL 0.9, ma triglyceride 3.8. Anandiwonjezera mankhwala a shuga, komanso anandilembera atorvastatin wotsitsa mafuta a m'magazi. Chikundidabwitsa n'chakuti nyama yonona sindiikonda, ndipo zokazinga ndinasiya kalekale. Nanga mafutawa akuchokera kuti? Mnzanga wina wandiuza kuti akubwera chifukwa cha shuga, ndipo ndikangomutsitsa shugayo, mafuta adzatsika okha. Pa chifukwa chimenechi atorvastatin uja sindinayambe kumwa, popeza mapiritsi achuluka kale. Kodi ndalakwitsa?

Yankho: Bambo, mtima ukhale m'malo. Milungu yochepa imene mwakhala osamwa atorvastatin siinakuonongereni kanthu kamene sikangakonzeke, chifukwa mafuta a m'magazi amavulaza mitsempha pang'onopang'ono, pa zaka zambiri. Zotsatira zanu si zachilendonso. Ndikapatsidwa pepala lokhala ndi ma triglyceride okwera, HDL yotsika ndi LDL yongopitirira pang'ono, ndimayamba kuganiza za shuga ndisanaone n'komwe dzina la mwini wake, chifukwa umu ndi mmene mafuta amakhalira mwa anthu ambiri amene shuga wawo wakhala wokwera kwa nthawi yaitali. Mnzanu uja wanena zoona, koma mbali imodzi yokha, ndipo mbali imene waisiya ndi imene ikukhudza piritsi limene mwalisunga lija.

Tiyambe ndi HbA1c. M'maselo ofiira a magazi muli hemogulobini, imene imanyamula mpweya, ndipo shuga woyenda m'magazi amamatirira pa hemogulobiniyo osachokanso. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, choncho tikayeza gawo la hemogulobini limene lamatidwa ndi shuga, timadziwa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. N'chifukwa chake munthu sangainamize HbA1c posala zotsekemera masiku awiri asanapite kuchipatala, ngakhale ambiri amayesa kutero. Kuyambira mu 2011, World Health Organization imavomereza 6.5 peresenti ngati malire opezera matenda a shuga, ndipo kwa akuluakulu ambiri amene ali kale ndi matendawa timafuna kuti ikhale pansi pa 7. Yanu ya 9.4 ikutanthauza kuti shuga wanu wakhala akuyenda cha m'ma 12 mmol/L usana ndi usiku kwa miyezi ingapo.

Mafuta nawonso si a mtundu umodzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Ma triglyceride ndi mafuta opatsa mphamvu, omwe aja thupi limasunga pamimba ndi pansi pa khungu. Kolesterolo ndi chinthu china, chimene thupi limamangira makoma a maselo, mahomoni ena ndi ndulu. Popeza mafuta sasakanikirana ndi madzi, onsewa amayenda m'magazi atakutidwa m'timibulu tokhala ndi puloteni kunja kwake. Chiwindi chimatulutsa timibulu totchedwa VLDL todzaza ndi ma triglyceride, ndipo tikatula katundu wake m'minofu timachepa n'kusanduka LDL, imene imatsala ndi kolesterolo wambiri. LDL imeneyi ndi imene imalowa m'makoma a mitsempha n'kuyamba kuitseka. HDL imatolera kolesterolo wotsala n'kumubwezera kuchiwindi. Ma triglyceride timafuna akhale pansi pa 1.7 mmol/L, pamene HDL ya mwamuna siyenera kutsika kupitirira 1.0, ya mkazi 1.3.

Mwafunsa kumene mafutawa akuchokera pamene inu simudya zonona. Ambiri mwa iwo akupangidwa ndi thupi lanu lomwe, ndipo gwero lake ndi insulini. Anthu amaidziwa insulini ngati yotsitsa shuga basi, koma ili ndi ntchito inanso yaikulu, yolamulira nkhokwe za mafuta. Munthu akadya, insulini imauza maselo osunga mafuta kuti atseke, asatulutse kanthu, popeza chakudya chafika. Pa matenda a shuga a mtundu wachiwiri maselowa sayimvera bwino insulini, ndiye amangotulutsa mafuta m'magazi ngati munthu ali ndi njala, ngakhale wangomaliza kudya. Mafuta otulukawo amapita kuchiwindi, kumene amakumananso ndi shuga wochuluka, ndipo chiwindi chimatha kusandutsa shuga kukhala mafuta. Chikalandira zonsezi chimazilongedza mu VLDL n'kuzitumiza m'magazi mochuluka kuposa mmene zikufunikira. Vuto limakulanso chifukwa chakuti m'makoma a timitsempha ting'onoting'ono muli enzyme yotchedwa lipoprotein lipase, imene ntchito yake ndi kutsitsa ma triglyceride kuwachotsa m'magazi, ndipo nayonso imadalira insulini kuti igwire bwino ntchito. Choncho olowa akuchuluka pamene otuluka akuchepa. Zotsatira zake ndi 3.8 wanu uja.

HDL imatsika motsatira zomwezi. M'magazi muli puloteni imene imasinthanitsa katundu pakati pa timibulu tija, ndipo VLDL ikachuluka, puloteniyo imachotsa kolesterolo mu HDL ndi mu LDL n'kuikamo ma triglyceride. Chiwindi chikadzachotsa ma triglyceride amenewo, timibuluto timatsala ting'onoting'ono. HDL yaing'ono imatha msanga m'magazi, n'chifukwa chake yanu yafika pa 0.9. LDL yaing'ono ndi yoipa kuposa yaikulu, chifukwa imakhalitsa m'magazi, imadutsa mosavuta m'khoma la mtsempha, ndipo imakanirira mmenemo. Onjezani pamenepo chakuti shuga amamatirira pa LDL monga mmene amamatirira pa hemogulobini, ndipo LDL yomatidwa ndi shuga chiwindi sichiilandira bwino.

Pamenepa ndimakonda kuchedwapo ndi odwala anga, chifukwa pepala la labotale limabisa chinthu chofunika. Nambala ya LDL imayeza kulemera kwa kolesterolo amene ali m'timibulu, siiwerenga timibuluto. Anthu awiri akhoza kukhala ndi LDL ya 3.2 onse, koma wodwala shuga wokhala ndi ma triglyceride okwera amanyamula kolesterolo ameneyo m'timibulu tambiri ting'onoting'ono, pamene mnzakeyo amamunyamula m'timibulu tochepa tikulutikulu. Mtsempha umavulazidwa ndi kuchuluka kwa timibulu tolowa m'khoma lake. Pali njira yosavuta yoonera zimenezi popanda kuyezanso magazi: chotsani HDL pa kolesterolo yense. Kwa inu ndi 5.8 kuchotsa 0.9, zimene zikupereka 4.9, ndipo nambala imeneyi ikuphatikiza kolesterolo yense wokhoza kutseka mitsempha. Kwa munthu wa msinkhu wanu amene ali ndi shuga, ndingakonde itakhala pansi pa 2.6. Mukuona kuti mtunda ndi wautali kuposa mmene LDL yokha ikusonyezera.

Tsopano nkhani ya mnzanu uja. Mukatsitsa HbA1c kuchoka pa 9.4 kufika cha pa 7, ma triglyceride anu adzatsikadi, ndipo mwina adzatsika kwambiri, makamaka ngati mwachepetsanso thupi. Ndaonapo zimenezi nthawi zambiri. Ndimakumbukira wodwala wina amene anabwera ndi shuga wokwera koopsa, ndipo magazi ake atakhazikika m'kabotolo, madzi a pamwamba anayera ngati mkaka chifukwa cha mafuta. Titamuyambitsa insulini, patangopita milungu yochepa magaziwo anabwerera mwakale, tisanamupatse mankhwala aliwonse a mafuta. HDL nayo imakwera, koma pang'ono ndiponso mochedwa. LDL ndiyo siimvera shuga kwenikweni. Ikhoza kutsika pang'ono, ikhoza kukhala pomwepo, ndipo mwa anthu ena imaoneka ngati yakwera ma triglyceride akatsika, popeza timibulu tija timakulanso. Kuchuluka kwa LDL kumadalira kwambiri chibadwa cha munthu, liwiro limene chiwindi chake chimaichotsera m'magazi, ndi mtundu wa mafuta amene amadya. Mukhoza kufikitsa shuga pamene tikufuna, LDL yanu n'kutsalabe cha pa 3.

Zimenezi zinaonekera bwino pa kafukufuku wamkulu wa ku United Kingdom wotchedwa UKPDS, amene anayamba mu 1977 ndipo anatsatira anthu oposa 5,000 a shuga wa mtundu wachiwiri kufikira zotsatira zake zitatuluka mu 1998. Ofufuzawo anapeza kuti HbA1c ikatsika ndi 1 peresenti, mavuto a timitsempha ting'onoting'ono ta m'maso ndi mu impso amachepa ndi 37 peresenti, koma matenda a kutsekeka kwa mitsempha ya mtima amachepa ndi 14 peresenti yokha. Atasanja zinthu zimene zinkalosera kuti ndani adzadwala mtima, LDL yokwera inali patsogolo, HDL yotsika inali yachiwiri, ndipo HbA1c inabwera pambuyo pa ziwirizo. Phindu la kutsitsa shuga pa mtima linadzaoneka bwino patapita zaka zina 10, mu 2008. Chaka chomwecho kafukufuku wina wa ku United States ndi Canada, wotchedwa ACCORD, anaimitsidwa mbali imodzi nthawi isanakwane, chifukwa pa anthu amene ankawakakamiza kutsitsa HbA1c pansi pa 6 ndi mankhwala ambiri, imfa zinachuluka kuposa pa anzawo. Ambiri mwa iwo anali achikulire ndiponso odwala kwa nthawi yaitali. Ndimatchula zimenezi kuti musaganize zoti mukalimbana ndi shuga yekha mwamphamvu koposa, mudzapeza chitetezo cha mtima chimene piritsi lija likanakupatsani.

Umboni wa mankhwala a gulu la statin, mmene muli atorvastatin wanuyo, ndi wolimba. Mu 2004 kafukufuku wa CARDS anayesa atorvastatin wa 10 mg pa anthu 2,838 a shuga wa mtundu wachiwiri amene anali asanadwalepo mtima, ndiponso amene LDL yawo sinali yokwera kwambiri, ngati mmene zilili kwa inu. Matenda aakulu a mtima ndi sitiroko anachepa ndi 37 peresenti, moti kafukufukuyo anamuimitsa kutatsala zaka ziwiri popeza phindu linali litaonekeratu. Mu 2008 akatswiri anaphatikiza zotsatira za anthu a shuga oposa 18,000 ochokera m'kafukufuku wosiyanasiyana, n'kupeza kuti LDL ikatsika ndi 1 mmol/L, matenda aakulu a mitsempha amachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. N'chifukwa chake malangizo ambiri masiku ano amati munthu wa shuga wa zaka za pakati pa 40 ndi 75 apatsidwe statin ngakhale LDL yake itaoneka yabwino. Dokotala wanu sanakulembereni mankhwalawa mopupuluma. Malire a LDL amene timafuna amasiyana: pansi pa 2.6 kwa amene chiopsezo chake ndi chapakati, pansi pa 1.8 kwa amene ali ndi zinthu zina zoonjezera monga kuthamanga kwa magazi, fodya kapena vuto la impso, ndi pansi pa 1.4 kwa amene anadwalapo kale mtima kapena sitiroko.

Kudandaula kwanu kuti mapiritsi achuluka ndikukumvetsa, ndipo sindikuchepetsa. Mwina mudzamvanso kuti statin amakweza shuga. Zimenezo n'zoona, koma kukwera kwake ndi kochepa kwambiri, ndipo sikulingana ndi chitetezo chimene mtima ndi ubongo zimapeza. Chimene anthu amadandaula nacho kawirikawiri ndi kuphwanya kwa minofu, makamaka m'ntchafu ndi m'mapewa mbali zonse ziwiri. Zikakuchitikirani musangosiya mwakachetechete, koma mukauze dokotala, chifukwa nthawi zambiri kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu wa statin kumathetsa vutolo, ndipo pali mankhwala ena monga ezetimibe amene amatha kuwonjezeredwa. Kwa amayi amene akuwerenga yankholi, statin samwedwa ndi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati, pokhapokha dokotala atalangiza mwapadera.

Mwina mungafunse chifukwa chake sanakupatseni mankhwala otsitsa ma triglyceride, popeza ndiwo akwera kwambiri pa pepala lanu. Mankhwalawo alipo, monga fenofibrate, koma atayesedwa mu 2010 powawonjezera pa statin mwa anthu a shuga, sanachepetse matenda a mtima pa gulu lonse. Pa mlingo wanu wa 3.8, chithandizo chenicheni cha ma triglyceride ndi kutsitsa shuga, kuchepetsa thupi ndi kusamala zimene mukumwa. Mankhwala a ma triglyceride timawafulumizitsa akapitirira 5.6, ndipo akafika cha pa 10 kapena kuposa pamenepo nkhawa yathu imasamukira ku kapamba, amene akhoza kutupa mwadzidzidzi.

Pa zakudya, mwachita bwino kusiya zokazinga ndi nyama yonona, chifukwa kutero kumathandiza kutsitsa LDL. Koma ma triglyceride amakwezedwa kwambiri ndi zinthu zimene sizioneka ngati mafuta: zakumwa zotsekemera, madzi a zipatso ofinya, shuga wothira m'zakumwa, zakudya za ufa wosefa kwambiri zikamadyedwa zambiri pa nthawi imodzi, ndiponso mowa. Za mowa simunatchule m'kalata yanu, ndiye ndingonena kuti ndaonapo anthu amene ma triglyceride awo anatsika ndi theka atangousiya kwa mwezi umodzi. Kuchepetsa thupi ndi 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu, makamaka ngati mafuta aunjikana pamimba, kumathandiza maselo kuyambanso kumvera insulini, ndipo kumatsitsa shuga ndi ma triglyceride nthawi imodzi. Kuyenda ndawala kapena masewera ena olimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa mlungu, mozigawa pa masiku angapo, kumadzutsa enzyme ija yochotsa mafuta m'magazi. Ngati mumasuta, kusiya fodya kumakweza HDL, ndipo kumateteza mitsempha kuposa kusintha kwina kulikonse kumene mungachite panokha.

Ndikanakhala kuti ndikukuonani ine, sindikanalozera shuga chala pa zonse ndisanayeze zinthu zina zochepa. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimakweza LDL, ndipo vutoli limapezeka kawirikawiri mwa anthu a shuga. Impso zikayamba kutaya puloteni mumkodzo, mafuta a m'magazi amasokonekera, ndiye mkodzo uyenera kuyezedwa chaka chilichonse. Mankhwala ena amakwezanso ma triglyceride, monga prednisolone, ena okodzetsa a kuthamanga kwa magazi, ndi ena mwa ma ARV, choncho dokotala adziwe chilichonse chimene mukumwa. Mufunsenso kwa abale ngati alipo amene anadwala mtima kapena kumwalira mwadzidzidzi asanakwanitse zaka 55 kwa amuna kapena 65 kwa akazi, chifukwa pali matenda a kumtundu okweza LDL, amene amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 250, ndipo amenewo shuga alibe nawo gawo. Simunanenenso ngati munayezedwa musanadye. Ma triglyceride amakwera munthu akadya, ndiye pa ulendo wotsatira ndi bwino kukayezetsa m'mawa mutakhala maola 10 kapena 12 osadya, mutagwirizana ndi achipatala za mmene mumwere mankhwala a shuga tsiku limenelo. Ma labotale ambiri sayeza LDL mwachindunji, amachita kuiwerengera kuchokera pa nambala zinazo, ndipo kawerengedwe kameneko kamasokera ma triglyceride akapitirira 4.5.

HbA1c nayonso ikhoza kunama pa zifukwa zina. Kuchepa kwa ayironi m'magazi kumaikweza, pamene kutaya magazi, kulandira magazi kapena matenda ophwanya maselo ofiira msanga zimaitsitsa, ndipo pa matenda a sickle cell kapena impso zikafooka kwambiri siidalirika. Ngati nambala za makina anu oyezera shuga pachala sizikugwirizana ndi HbA1c, mukatchule zimenezo.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku lanu lokaonana ndi dokotala. Kupweteka kapena kulemera pachifuwa, makamaka kofalikira kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, kubanika mwadzidzidzi, kupotoka kwa kamwa, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kulankhula bwino, zonsezi n'zofuna kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Dziwani kuti mwa anthu amene akhala ndi shuga kwa zaka zambiri, mtima ukhoza kudwala popanda ululu weniweni, munthu n'kungomva thukuta lozizira, nseru ndi kulefuka. Kupweteka koopsa kwa pamwamba pa mimba kobooka mpaka kumsana, limodzi ndi kusanza, kukhoza kukhala kutupa kwa kapamba. Timatuza tachikasu totuluka tambirimbiri pazigongono, m'mawondo kapena m'matako timasonyeza kuti ma triglyceride akwera kwambiri. Mukayamba statin, kupweteka kwakukulu kwa minofu kokhala ndi mkodzo wakuda ngati tiyi kumafuna kuti musiye mankhwalawo ndi kuonedwa tsiku lomwelo. Ngati m'katumba mumapweteka mukayenda mtunda wina wake n'kusiya mukaima, limenelo si dzidzidzi, koma mukalinene pa ulendo wotsatira chifukwa limasonyeza kuti mitsempha ya m'miyendo yayamba kuchepa.

Langizo langa ndi lakuti muyambe atorvastatin monga anakulemberani, ndipo mukabwerera kuchipatala mukawauze tsiku lenileni limene mwayamba, kuti asadzaganize kuti mankhwalawo akulephera n'kukuwonjezerani mlingo pachabe. Mafuta ayezedwenso pakatha milungu 4 mpaka 12, ndipo HbA1c pakatha miyezi itatu, chifukwa isanakwane nthawi imeneyo maselo ofiira akale amakhala asanathe. Pa pepala latsopanolo muyang'ane ma triglyceride pambali pa HbA1c, popeza ziwirizo ziyenera kutsikira limodzi, kenako muyang'ane LDL payokha. Ngati HbA1c idzakhale itatsika bwino koma ma triglyceride akadali pamwamba pa 2.3, mudzakambirane ndi dokotala wanu za mowa, chithokomiro, impso ndi mankhwala ena aja, ndipo ngati LDL idzakhale isanafike pa malire amene munagwirizana, pamenepo ndi pamene mlingo wa atorvastatin uyenera kuonedwanso.